Yankho la Tek Bahadur

Lamulungu m'mawa, tsiku loyamba la ntchito kuno, Menuka Bhusal asanamalize n'komwe kupukuta fumbi pamabotolo a m'sitolo yake ya mankhwala, analowa mayi wina wa magalasi, chikwatu cha mapepala chili m'khwapa. Anali Bimala Gyawali wa ku ofesi ya zaumoyo. Menuka anaitanitsa chiya, tiyi wa mkaka, kwa wogulitsa wa pakona, mayiyo anakana. Kuno ku Butwal munthu wa boma sakana chiya pachabe, ndiye Menuka anadziwiratu kuti lero kulibe mtendere.

"Didi, a Tek Bahadur Gharti akupeza bwanji?" anafunsa Bimala, akumutchula ndi mawu a kuno otanthauza achemwali.

"Madamu, amene aja anatisiya. Lero ndi tsiku la makumi awiri. Utsi wawo tinauona tonse mtembo ukuwotchedwa kumtsinje wa Tinau."

"Ndiye mankhwala akumwa bwanji?"

Bimala anayala pepala patebulo. Chaka chathachi ofesi inalamula kuti sitolo zonse zogawa mankhwala aulere a chifuwa chachikulu zilembetse ku kampani ina ya ku Kathmandu yotumiza mauthenga a pafoni. Ikakwana 8 koloko madzulo, kompyuta inkatumiza yokha uthenga kwa wodwala aliyense womukumbutsa kumwa mankhwala, ndipo iye akamwa ankayankha ndi nambala 1. Yankholo linkafika pakompyuta ya Menuka komanso ku ofesi. Munthu atamwalira, Menuka anaiwala kufufuta dzina lake, kulakwa kwake kunali kokhako. Koma papepalapo panali mizere makumi awiri, mzere uliwonse uli ndi 1, ndipo yankho lililonse linafika 2:15 usiku.

"Ife kuofesi tikuona chonchi," anatero Bimala. "Mukudziyankha nokha kuti mankhwala a munthu wakufa azibwerabe, inu muzigulitsa kuseri. Pofika Lachisanu mundionetse amene akuyankhayo. Apo ayi, chiphaso ndilanda, pachitseko ndikhoma loko."

Menuka anapsa mtima kwambiri. Sitoloyi anaimanga yekha zaka khumi ndi ziwiri, mwamuna wake atapita kukagwira ntchito ku Malaysia n'kuiwala njira yobwerera kwawo. Ana ake awiri ankadya ndi kuphunzira chifukwa cha mashelefu amenewa. Lero akutchedwa wakuba chifukwa cha kanambala kamodzi!

Anaimbira kampani ija. Anamuimitsa theka la ola akumumvetsera nyimbo ya chitoliro, kenako anayankha munthu wina dzina lake Prajwal, wa mawu osalala ngati wadzola mafuta pakhosi.

"Didi, mwayesa kuzimitsa kompyuta n'kuyatsanso?"

"Bhai, mchimwene wanga, ndikukuuza kuti munthu wakufa akundilembera, iwe ukuti ndizimitse kompyuta? Nanga wakufayo ndimuzimitse pati?"

"Ingofufutani nambalayo, didi. Mukafufuta, kwathu kuno sikutulukanso uthenga, ndiye palibe choti ayankhe. Pomaliza mutipatse nyenyezi zisanu, chonde."

Anafufuta, n'kuonetsetsa kawiri kuti dzina lachokadi. Lolemba m'mawa anatsika kuchokera kuchipinda chake cha pamwamba pa sitolo, nayatsa kompyuta. Dzina panalibe, koma pamalo pake panali nambala ya foni ija, pambali pake 1, nthawi 2:15.

Tsiku limenelo nkhani inali itadzaza kale mumsika. Amati mauthenga a kwa Menuka amadzutsa akufa. Ena amati ukalembetsa nambala yako kumeneko ndiye kuti walembetsa ulendo wa kumtsinje. Munthu wina wopalasa rikisha, njinga yonyamula anthu, amene anali atangotsala mwezi umodzi kuti amalize mankhwala, anabwera n'kuima patali ndi khomo.

"Didi, ndichotseni m'makina mwanumo. Kutsokomola ndazolowera, koma kucheza ndi mizimu ayi."

Usiku umenewo Menuka anagoneka ana, natsikira m'sitolo, nakhala pampando moyang'anizana ndi kompyuta. Cha m'ma 12 koloko magalimoto a pamsewu waukulu anayamba kuchepa mpaka kunangoti zii. Kunatsala kulira kwa firiji ya mankhwala ndi madzi odontha pampopi wa kuseri, dontho limodzi, kudikira, dontho lina. Agalu a kumsika anauwa kanthawi, kenako onse analeka nthawi imodzi ngati wina wawalamula. Mphepo yozizira yochokera kumapiri inkalowa pansi pa chitseko chachitsulo n'kumamugwira m'mapazi.

Ndiye anamva chifuwa. Chinachokera kutsidya kwa kanjira, kunyumba ya a Gharti, chifuwa chouma, chozama, chotsokomola katatu n'kupuma, chimodzimodzi mmene malemuyo ankatsokomolera akaima pakauntala pake. Menuka anayang'ana kuchitseko. Asanameze n'komwe malovu, kompyuta inalira kamodzi, ndipo 1 anaonekera. Anakhala pompo mpaka kunja kunayera.

Kutacha, mantha anasanduka mkwiyo, ndipo anawoloka kanjira kukafunsa za foniyo. Anamulandira mpongozi wa malemu, mwana ali kumsana. Mkazi wa malemu, agogo Dilmaya, anali chikhalire pakona atavala zoyera zaumasiye, maso ali pansi.

"Foni? Tinapereka kwa baje, wansembe uja, pa tsiku la khumi ndi chitatu la maliro," anatero mpongoziyo. "Pamodzi ndi bedi, ambulera, nsapato ndi mbale zawo. Bambo a mwanayu anati akaisowa kumene apitako. Ndipo didi, nkhani za matenda aja musatibweretserenso. Nyumba ino tinaifukiza, mphasa tinatentha. Wina akadzangotsokomola muno, akagona ku khola la njati, mwana wanga asamuyandikire."

Baje, wansembe amene analandira katunduyo kuti akafike kwa malemu, ankakhala kumtunda pafupi ndi kachisi. Anamvetsera nkhani yonse akusisita ndevu, kenako anatsegula bokosi lachitsulo.

"Mafoni ndili nawo asanu ndi awiri, mwana wanga. Masiku ano aliyense akufuna wakufa wake akhale pa netiweki. Ya Tek Bahadur ndi iyi. Sindinaiyatsepo."

Menuka anaitsegula kumbuyo ndi chikhadabo. Batire inalimo, koma simukhadi munalibe. Anafuna kuiponya kukhoma foniyo. Masiku anali atatsala atatu, ndipo chimene anali nacho m'manja chinali chigoba.

Lachiwiri usiku sanakhalenso pakompyuta. Anazimitsa magetsi onse, nakweza chitseko chachitsulo pang'ono, nagwada n'kumasuzumira kunyumba ya a Gharti. Mdima unali bii, mwezi kulibe. Maondo anachita dzanzi. Itadutsa 2 koloko, chifuwa chija chinamveka, katatu n'kupuma. Kenako chitseko cha nyumbayo chinalira pang'onopang'ono, ndipo chinthu choyera chinatuluka n'kukhala pansi pakhonde. Kakuwala kobiriwira kanayaka pakati pa choyeracho. Kumbuyo kwa Menuka kompyuta inalira.

Akanakhala wina akanathawira kwa ana ake. Koma Menuka anaganiza za loko wa Lachisanu, nati mumtima, kaya ndi mzimu kaya ndi chiyani, lero andiuza chimene ndinawalakwira. Anakwawa pansi pa chitseko, nawoloka kanjira wopanda nsapato.

"Ama!"

Anali agogo Dilmaya. Dzanja lina linagwira kafoni kakale ka mabatani, lina paketi ya mapiritsi ofiira, yomwe Menuka mwini wake anapatsa malemu kutatsala masiku awiri kuti amwalire.

"Tsitsa mawu, mwana wanga," ananong'ona agogowo, akuyang'ana kuchitseko. "Akamva uyo andigoneka ndi njati."

"Ama, mukudwala? Chiyambire liti?"

"Iwo asanapite. Ndinaona magazi pansalu, ndinangobisa. Mankhwala awo anatsala, ndiye ndikumwa ine. Ankandiuza kuti ukamwa uzidina apa, ukapanda kudina mankhwala amaleka kubwera. Kuwerenga sindidziwa, koma batani ili ndikulidziwa."

Menuka anakhala pansi pambali pawo. Anafuna kukalipa, anafuna kuseka, koma chimene chinabwera ndi chisoni.

"Mukudziwa kuti akufuna kunditsekera sitolo chifukwa cha batani lanuli? Masiku makumi awiri ndi atatu, ama!"

"Iyayi, si ochuluka choncho. Kakhadi ndinakachotsa m'mawa wa tsiku la khumi ndi chitatu, mwana wanga wamwamuna atatsegula bokosi kuti katundu apite kwa baje."

"Nanga masiku khumi ndi atatu oyambawo?"

"Foni inali m'bokosi, yozimitsa, kiyi ali m'chiuno mwa mwana wanga wamwamunayo. Ine ndinali pamphasa yamaliro, wosadya mchere, wosakhudza munthu. Ndikanagwira bwanji foni?"

Menuka anawayang'ana kumaso. Anafunsa mwapansipansi kuti nanga amadziwa bwanji kuti yakwana 2:15, popeza m'nyumbamo munalibe wotchi.

"Ine nthawi sindiidziwa, mwana wanga. Ndimangodzuka ndikamva iwo akutsokomola pakhonde pano. Ndi nthawi imene anatsirizika."

Lachitatu Menuka ananamiza mpongozi uja kuti akupita ndi agogo kukachisi, nawatengera kuchipatala kukayezetsa, ndipo agogowo analembedwa kuti azilandira mankhwala m'dzina lawolawo. Simukhadi anaitenga iye, naimanga pakona ya kampango, nagona atakatsamira. M'mawa mwake pakompyuta panali 1 wina.

Anaimbiranso Prajwal, amene anamuuza kuti zimenezo n'zosatheka, n'kumupatsa nambala ya dandaulo lake kuti adikire masiku khumi ogwira ntchito. Ndiye anapita kwa Bimala n'kumufotokozera zonse.

"Agogowo ndamva, ndipo ndawamvera chisoni," anatero Bimala. "Amenewo ndi masiku khumi. Nanga khumi ndi atatu aja? Nanga dzulo?"

"Madamu, bwerani mudzagone kwanga lero. Mudzaone ndi maso anu, ndatopa kuoneka wamisala."

Bimala anabweradi, mwina pofuna kumugwira chinyengo chili m'manja. Anaona yekha kuti nambala ya pasimukhadi ndi yomweyo. Anaiika pasosala, nalanda foni ya Menuka n'kuiika m'chikwama chake. Agogo Dilmaya usiku umenewo anali atagonekedwa kuchipatala, nyumba ya kutsidya ili mdima. Amayi awiriwo anakhala moyandikana, atafunda mashawelo. Firiji inkalira. Mpopi unkadontha. Agalu anauwa, kenako analeka onse pamodzi.

Chifuwa chinamveka, koma ulendo uno sichinachokere kutsidya. Chinali panja pomwepo, kuseri kwa chitseko chachitsulo, pamene odwala amaima podikira kuti sitolo itsegulidwe. Katatu, n'kupuma. Bimala anagwira mkono wa Menuka mpaka zikhadabo kulowa. Simukhadi inali pasosala, iwo akuiona, ndipo kompyuta inalira kamodzi.

Menuka anatembenukira kwa Bimala.

"Mwaona, madamu?" ananong'ona Menuka. "Mwaona kuti si ine?"

"Ndaona, didi."

Kunja kutayera, Bimala anatulutsa fomu m'chikwatu. Anaiyang'ana kutsogolo, anaitembenuza, anaiyang'ananso.

"Pano pali mabokosi awiri okha. Lina likuti wodwala anayankha yekha. Lina likuti wina anamuyankhira."

"Chongani loyambalo! Si mwamva nokha akutsokomola?"

"Ndilembe kuti munthu amene tinamuwotcha ku Tinau akuyankha mauthenga? Didi, inenso ndili ndi ana. Andichotsa ntchito lero lomwe."

Anachonga bokosi lachiwiri osamuyang'ana kumaso. Menuka sanalire. Anazula kompyuta pakhoma ndi mkwiyo, natenga chithunzi cha ana ake pashelefu, natuluka. Bimala anakokera chitseko pansi, nakhoma loko, namata pepala la chidindo, kenako anapempha chiya kwa wogulitsa wa pakona n'kumwa ali chiimire.

Usiku wa Lachisanu Menuka anagona chagada m'chipinda chake cha pamwamba, maso ali kudenga, akuganiza kuti ana awauza chiyani kukacha. Odwala ake onse anali atawasamutsira kusitolo ina ya kumsika. Agalu atangoleka kuuwa, pansi pa bedi lake, m'sitolo yokhomedwa ija, kompyuta imene anaizula ndi manja ake inalira kamodzi. Wodwala yekhayo amene anamutsalira anali atamwa mankhwala.