Nachete ndi Mabatani Anayi

Nachete ankapukuta makapu.
Ankapukuta pang'onopang'ono.
Kapu imodzi. Mkati, kunja, pachogwirira.
Kapu ina. Mkati, kunja, pachogwirira.

Amayi ankatsuka mbale akuimba.
Inali nyimbo yatsopano. Anaipeka okha.
Inali nyimbo ya kambalame konyowa ndi mvula.
Mawu a Amayi ndi ofewa ngati thonje.

"Iwe, kapu imeneyo yauma kalekale," anatero Amayi. "Ukufuna uiboole?"

Nachete anamwetulira.
Makapu akatha, nyimbonso imatha.
N'chifukwa chake sankafulumira.

Dzina loti Nachete anamupatsa ndi Amalume.
Nachete sankakonda kuyankhula.
Ankakonda kumvetsera.
Koma mumtima anali ndi khumbo limodzi.
Ankafuna anthu onse amve nyimbo ya Amayi.

Kunyumba kwa Nachete aliyense ndi woimba.
Abambo amaimba gitala.
Amalume amaimba ng'oma.
Achemwali amaimba kiyibodi.
Amayi amaimba ndi pakamwa.

Loweruka linafika.
Masana ankayenera kuimbira anthu muholo yaikulu.
Choncho anapita m'mawa kukayesa zida.

Muholo munali mipando yambirimbiri.
Kutsogolo kunali nsanja ndi masipika awiri aakulu.
Kumbuyo kwenikweni kunali tebulo.
Patebulopo panali makina a mawu.
Mwini makinawo anali mayi wina wamagalasi.
Anthu ankamutchula Mayi Mabatani.

Onse anakwera pansanja.
Nachete anatsala pansi.

"Bwera ukhale apa, mwanawe," anatero Mayi Mabatani. "Koma manja m'thumba."

Nachete anakhala.
Anaona mabatani anayi okankha.

"Lofiirali ndi la gitala," anatero Mayi Mabatani. "Lachikasuli ndi la ng'oma. Lobiriwirali ndi la kiyibodi. Loyerali ndi la amayi ako. Batani likakwera, mawu amakwera. Batani likatsika, mawu amatsika."

Amalume anamenyanitsa timitengo tawo toimbira ng'oma.
Ka, ka, ka, ka!
Nyimbo ya Amayi inayamba.

Posakhalitsa Abambo anakweza dzanja.
"Mayi Mabatani! Gitala yanga sindikuimva. Kwezani pang'ono!"
Batani lofiira linakwera.

"Aaa, alamu, mwandikwirira!" anatero Amalume. "Mayi Mabatani, kwezani ng'oma!"
Batani lachikasu linakwera.

"Nanga ine ndabwera kudzaonerera?" anatero Achemwali. "Kwezaninso kiyibodi!"
Batani lobiriwira linakwera.

Amayi sanakweze dzanja.
Anangopitiriza kuimba.

Abambo anakwezanso dzanja.
"Pang'ono pokha!"
Lofiira linakweranso.

"Inenso pang'ono pokha!"
Lachikasu linakweranso.

"Inenso!"
Lobiriwira linakweranso.

Mawindo anayamba kunjenjemera.
Mpando wa Nachete unayamba kunjenjemera.
Ngakhale mano ake anayamba kunjenjemera.
Nachete anayang'ana Amayi.
Milomo yawo inkayenda.
Koma mawu awo sankamveka.

Mayi Mabatani anakankha batani loyera.
Tswiiiiii!
Masipika analira ngati kamwana ka nkhumba.
Aliyense anatseka makutu.
Mayi Mabatani analibweza msanga.

"Loyerali silingakwerenso," anafuula. "Inu atatu, bwanji titsitseko anu?"

"Vuto si ife," anatero Abambo. "Makina anuwo akalamba."

"Eya, ali ndi imvi," anatero Amalume.

Mayi Mabatani anavula magalasi. Anausa moyo.
"Oimba!" anatero. "Aliyense amafuna kudzimva yekha."

Anayesanso kachiwiri.
Anayesanso kachitatu.
Mawu a Amayi sanamvekebe.

Amayi anabweza maikolofoni pamalo pake.
"Basi, nyimboyi tiisiye," anatero. "Mawu anga ndi ochepa. Tiimbe zakale zija."

Abambo anakanda mutu.
"Mwina n'zoona, mayi a Nachete. Nthawinso yatha."

Mtima wa Nachete unagunda.
Gu, gu, gu.
Nachete anayang'ana Amayi.
Milomo yake inagwedezeka pang'ono.

Mayi Mabatani anamuona.
"Wati chiyani, mwanawe?"

"Mawu a Amayi si ochepa," ananong'ona Nachete.

"Usauze ine," anatero Mayi Mabatani. "Uza iwowo."

Patebulo panali kamaikolofoni.
Mayi Mabatani anakasendeza kwa Nachete.
Nachete anakayang'ana.

Anayang'ana pansi.
Anayang'ananso kamaikolofoni.

Pansanja, Amalume ananyamula timitengo.
Ankafuna kuyamba nyimbo yakale!
Ka, ka, ka...

"Taimani!"

Mawuwo anadzaza holo yonse.
Nachete naye anadzidzimuka.
Kamtengo ka Amalume kanagwa pansi.

"Ndani ameneyo?" anafunsa Amalume.

"Ndine. Nachete."

"Nachete wathu yemweyu? Alamu, ndigwireni, ndigwa!"

Achemwali anaseka.
Nachete anafuna kulowa pansi pa tebulo.
Koma anaona nkhope ya Amayi.
Anasendera pa kamaikolofoni.

"Ababa," anatero, "tabwerani kuno mudzamve."

Abambo anadabwa.
Anali asanakhalepo kumbuyo kwa holo.
Masiku onse amakhala pansanja.
Anatsika ndi gitala yawo.
Chingwe chake chinali chachifupi.
Anaisiya pampando.
Anayenda mpaka kutebulo.

"Amalume, Achemwali, imbani monga muja," anatero Nachete.

Du! Du! Du! Pyiii! Pyiii!

Abambo anatseka makutu.
"Mayo ine! Alamu, mukuimba kapena mukugumula nyumba?"

"Musaseke, alamu," anatero Amalume. "Apa gitala yanu palibe!"

"Gitala ndiye imamveka mpaka kumsewu," anatero Nachete. "Agalu anathawa."

Abambo anayang'ana Mayi Mabatani.
Anavula chipewa.
"Pepani, mayi. Makina anu ndi achinyamata."

"Ndamva," anatero Mayi Mabatani. "Mwanawe, tulutsa manja m'thumba."

Abambo anabwerera pansanja.
Nachete anaika chala pa batani lofiira.
Analitsitsa.
Anaika chala pa batani lachikasu.
Analitsitsa.
Anaika chala pa batani lobiriwira.
Analitsitsa.
Batani loyera sanaligwire.

"Amayi," anatero, "imbaninso."

Amayi anatenga maikolofoni.
Ka, ka, ka, ka.

Gitala inalira pansipansi.
Ng'oma zinalira pansipansi.
Kiyibodi inalira pansipansi.
Kenako Amayi anayamba.

Mawu awo anamveka pampando woyamba.
Anamveka pamipando yapakati.
Anamveka mpaka kumbuyo kwenikweni.
Liwu lililonse linamveka bwinobwino.

Bambo wosesa muholo anasiya kusesa.
Anatsamira tsache lake.
Wogulitsa matikiti anasuzumira pakhomo.
Anaiwala kutseka pakamwa.

Nyimbo inatha.
Muholo munali zii.
Kenako bambo wosesa anaomba m'manja.
Tsache linagwa.

"Masana tiyamba ndi nyimbo imeneyi," anatero Abambo.

"Ndipo timaliza nayonso," anatero Achemwali.

Amayi anatsika pansanja.
Anathamanga pakati pa mipando.
Anamunyamula Nachete m'mwamba.
"Mwana iwe! Mawu onsewa umawasunga kuti?"

Onse anabwera kutebulo.
Abambo anamusisita mutu.
Achemwali anamukoka tsaya.

"Masana ukwere nafe pansanja," anatero Abambo. "Anthu akuone."

Nachete anapukusa mutu.
"Ayi, Ababa. Ine ndikhala pompano. Ndikufuna ndiphunzire mabatani."

"Mpando ulipo," anatero Mayi Mabatani.

Amalume anagwada pafupi ndi Nachete.
Anayang'ana uku ndi uku.
Anayankhula motsitsa mawu.
"Muphwa wanga wokongola. Lachikasulo ulikwezeko masana. Pang'ono pokha. Palibe adziwe."

Nachete anasendera pa kamaikolofoni.
Mawu ake anadzazanso holo yonse.

"Ayi, Amalume. Lero ndi tsiku la Amayi!"