Jakisoni wa Dailesi

Dailesi anakhala pabenchi la kuchipatala, mayi ake atamugwira dzanja kuti asathawe. Anali ndi zaka makumi awiri, koma ankachedwa kumvetsa zinthu, ndipo kumudzi kwawo ku Mkanda ankangomutenga ngati mwana. Miyezi itatu iliyonse mayi akewo, a Luwiza, ankamukweza panjinga kukabayitsa jakisoni amene ankati ndi wa malungo. Chiyambireni kubayitsako, mutu unkamuwawa ndipo masiku ake akumwezi anasokonekera. Akadandaula ankangouzidwa kuti, "Khala chete, iwe sudziwa kanthu."

Atalowa m'chipinda anapezamo namwino watsopano, a Tiwonge. Namwinoyo anawerenga kabuku ka Dailesi, kenako anamuyang'ana.

"Achemwali, mukumva bwanji m'thupi?"

"Ali bwinobwino," anayankha a Luwiza. "Ingomubayani, tasiya mtedza kumunda."

"Ndafunsa mwini thupi, mayi."

Dailesi anayang'ana kuchitseko. Chinali chotseka, ndipo mayi ake anaima pomwepo. Mawu anatuluka movutikira.

"Mutu umandiwawa. Nanga malungo angawa satha bwanji?"

Namwino anaika jakisoni patebulo. "Uyu si wa malungo. Ndi wolera, woti musatenge mimba. Sanakuuzeni?"

Dailesi anapukusa mutu.

"Musandione ngati woipa," anatero a Luwiza, misozi ikulengeza. "Amuna kumsika amamunyengerera ndi mandasi. Ine ndakalamba. Akabereka, mwanayo adzalera ndani?"

"Mantha anu ndawamva," anatero namwino. "Koma timufotokozere, asankhe yekha."

Anakokera mpando pafupi ndi Dailesi n'kuyamba kufotokoza pang'onopang'ono, akumuonetsa zithunzi. Anamuuza ntchito ya jakisoniyo, za mapiritsi olera, komanso kuti mwamuna akamuvutitsa akhoza kukana n'kukanena. Dailesi anafunsa zambiri, zina mobwereza. Namwino sanatope.

"Lero ayi," anatero Dailesi pomaliza. "Mutu uyambe wasiya. Ndidzabwera Lachiwiri, mudzandiuzenso za mapiritsiwo."

A Luwiza anatsegula chitseko.

Panja sanakwere njinga. Anayenda wapansi mtunda ndithu, a Luwiza akuikankha.

"Nthawi yonseyi umamva kuwawa?" anafunsa a Luwiza motsitsa mawu.

"Ndinkakuuzani, amayi."

A Luwiza anaima, n'kupukuta m'maso ndi chitenje.

"Lachiwirilo," anatero, "ukufuna tidzanyamuke nthawi yanji?"