Phala la Ng'oma

"Aphunzitsi, ine ndisanza!" anatero Hnin Wai atatsina mphuno.

Aphunzitsi a nyimbo, a U Kyaw Zan, sanamuyang'ane n'komwe. Ankakanya mpunga wophika ndi phulusa m'kambale mpaka zinasanduka phala lotuwa, lonanda ngati mamina. Kenako anamata phalalo pakati pa chikopa cha ng'oma iliyonse, zonse zisanu ndi imodzi, akugogoda ndi chala khutu lili tcheru.

"Ng'oma nayo imadya, mwanawe," anatero. "Ikapanda kudya siyankhula."

Hnin Wai, mtsikana wa kalasi yachinayi, anali ndi ukhondo wonyanya, woti ntchentche ikangomutera pamkono ankathamangira kumpopi. Iyeyu ndiye anasankhidwa kuimba ng'omazo masana amenewo pamaso pa makolo, ndipo mayi ake anali atalonjeza kusiya kugulitsa maluwa pakachisi kuti adzamuone. Ndiye iye agwire nyansi zimenezo anthu akuona? Ayi ndithu!

Nthawi yopuma itakwana, analowa mozemba m'chipinda munali ng'omazo, n'kupala phala lonse ndi lula, n'kupukuta zikopazo mpaka mbee!

Atabwera kudzayeserera komaliza, tiana ta kalasi yoyamba tinakhala pansi titatsinzina, monga tinkachitira pophunzira kumvetsera. Hnin Wai anamenya ng'oma. Te! Te! Ngati chitini chobooka.

"Aphunzitsi, ng'oma zadwala!" kanakuwa kamtsikana kena kopanda mano akutsogolo, anzake n'kufa nazo kuseka.

A U Kyaw Zan anayang'ana zikopa zoyerazo, kenako anayang'ana Hnin Wai. Iye anangoti zyoli.

"Phulusa lilipo, koma mpunga wanga unatha," anatero aphunzitsiwo mofatsa. "Wabweretsa chiyani cha nkhomaliro?"

Hnin Wai anatsegula kachitini kake, n'kuchotsa nsomba pamwamba pa mpunga. Aphunzitsi anathiramo phulusa.

"Kanya wekha."

Mayo ine, nseru yake! Phala linkatuluka pakati pa zala, likulowa m'zikhadabo. Anakanya misozi ikuyenderera, malovu atadzaza m'kamwa.

"Tsopano tsinzina. Mata pang'ono, gogoda, umve. Yafika?"

"Sinafike."

"Onjezera."

Anaonjezera, n'kugogoda. Duu! Ng'oma inalira mokoma mpaka anaimva m'mimba, ndipo tiana tija tinaomba m'manja. Anachita chimodzimodzi ndi yachiwiri, yachitatu, mpaka yachisanu. Pofika pa yomaliza, m'kachitini munalibe kanthu, ndipo makolo anali atayamba kale kulowa.

Hnin Wai anaimba ndi njala, manja ali otuwa. Anthu anasangalala kwambiri, mayi ake mpaka anaimirira.

"Mwana wanga, sunaphonye ngakhale kamodzi!" anatero pomukumbatira.

"Ng'oma yomaliza ija, amayi," anayankha Hnin Wai. "Ndinaimenya kasanu ndi kawiri, ndipo konseko inkalira molakwika. Inu simunamve?"

Mayi ake anapukusa mutu. Hnin Wai analira, chifukwa iye anamva.