Manja M'thumba Lakuda

Tionenji anali atatha miyezi itatu osayankha foni ya bambo ake. Bambowo anapita ku Japan kukaphunzira zoweta nsomba mumzinda wa Shimonoseki. Analonjeza chaka chimodzi, kenako n'kuwonjezera china, ndipo mwana anafufuma ndi mkwiyo.

Koma taonani zake! Aphunzitsi a kusukulu kwawo ku Lewisham atanena kuti aliyense alembe za mzinda wa m'mphepete mwa nyanja, yemwe ankati alibe nazo ntchito uja anasankha Shimonoseki yemweyo. Analemba za sitima zodutsa pakati pa zilumba ziwiri, za mlatho wautali, ndi za fugu, nsomba yapoizoni imene amaikonza ndi akatswiri okhaokha. Chithunzi chilichonse ankachiyang'anitsitsa, mwina n'kuonamo nkhope yodziwika. Bambo ake ankawasowa koopsa, kungoti kuvomera ndiye ayi.

Chithunzi chimodzi chinamuzunguza mutu: amuna awiri pamsika, atapisa manja m'thumba limodzi lakuda.

"Mami, awa akupanga chani?"

"Ine ndi nesi, za nsomba ndizidziwira kuti?" anatero mayi ake, akuthamangira basi ya kuntchito. "Funsa amene amakhala konko."

Tionenji anazungulira foni masiku awiri. Loweruka m'mawa anaimba, ndipo sinaitane kawiri.

"Tio? Ndiwe?" anatero bambo ake.

"Ndili ndi funso la homuweki basi," anatero iye mouma.

"Funsa, mwanawe."

Atafunsa, bambowo anaseka pang'ono. "Ndi mmene amagulitsira fugu. Wogula satchula mtengo pakamwa. Amapisa dzanja m'thumbamo n'kufinya zala za wogulitsa, ndiye awiriwo amamvana, enawo osadziwa kanthu. Tsiku loyamba ine ndinkayesa akupatsana moni, ndinapisanso langa. Msika wonse unandiseka!"

Tionenji anafuna kudzigwira, koma phwete linamupulumuka. Kumbali inayo ankamva mbalame za kunyanja ndi kulira kwa sitima. Anayang'ana dzanja lake.

"Ndiye homuweki yatha?" anafunsa bambo ake motsitsa mawu, ngati munthu woopa yankho.

Funso linali limodzi lomwelo, ndipo tsamba linali litadzaza kale.

"Ayi, adadi," anatero Tionenji akupukuta m'maso. "Mafunso alipo ambirimbiri. Mawa mudzakhalapo nthawi ngati ino?"