Mlongo Wake wa Nambala 92

Nkhaniyi ndinaimva kwa Mayi Odessa Pruitt, amene anachapa malaya a osewera mpira wa ku America, uja woponya ndi manja n'kumagwetsana, pa koleji ina yaing'ono ya ku Louisiana kwa zaka makumi atatu. Tinakhala mpando umodzi m'basi yopita ku Shreveport. Ine ndayenda kwambiri, ndipo ndaona kuti anthu amamasuka kwa mlendo amene sadzamuonanso. Anandiuza chonchi.

Corliss Batiste ankagwira ntchito m'chipinda chodyera cha osewera. Lolemba lina mu Seputembala, akugawa nyemba zofiira ndi mpunga, pamzere panaima mwamuna amene sanali wa pasukulupo. Wamtali, malaya osita bwino, kawotchi kowerengera masekondi kali lende pakhosi.

Sikauti! Corliss ankawadziwa anthu osaka osewerawa. Chaka chilichonse ankabwera kudzayeza anyamata zikhato ndi mikono ndi tepi ngati ogula ng'ombe, kuti matimu akuluakulu adziwe woti asankhe mu Epulo.

Mwamunayo analawa nyemba, maso ake n'kudzaza misozi.

"Achemwali, tsabola ameneyu ndi wodyera kapena wophera anthu?"

"Zimatengera munthu wake, bambo. Ofooka amafadi."

Anaseka mpaka kutsokomola. Anati dzina lake ndi Royce Tillery. Kenako anatsitsa mawu.

"Ndifunseko. Nambala 92, chimphona chija cha pamzere wakutsogolo, akadya amachotsa yekha mbale?"

"Mwabwerera mpira kapena mbale?"

"Mpira ndimauonera pa kanema. Khalidwe la munthu ndimalifunsa kukhitchini."

"Amachotsa. Akapanda kutero ndimamukoka khutu. Ameneyo ndi Ezell, mlongo wanga."

Royce anagwira pakamwa.

"Ayi! Zoona? Ndiye ndadziponya ndekha m'moto. Mundikhululukire, sindimadziwa."

Mtima wa Corliss unadumpha. Ndi liti mwamuna anachitapo manyazi pamaso pake chonchi?

Makolo awo anamwalira kalekale, ndipo Ezell analeredwa ndi Corliss. Tsopano anali chimunthu chodzaza chitseko, mmodzi wa amuna anayi olemera amene amaima kutsogolo, ntchito yawo kuboola khoma la adani n'kugwetsa woponya mpira. Tauni yonse inkati, "Uyu yekha apita ku matimu akuluakulu." Koma Royce sankalembera timu imodzi. Ankagwira ntchito ku bungwe limene limalemba malipoti a osewera n'kugawira matimu ambiri. Cholembera chake chinkamveka kutali.

Royce anabweranso patapita sabata ziwiri. Anabweranso kachitatu. Kenako mameseji anayamba.

"Tsabola wanga, ndili ku Arkansas. Chakudya cha kuno chilibe moyo. Ndakusowa."

"A Tepi, mwayeza anyamata angati lero? Mukudya koma?"

"Ndayeza khumi ndi awiri. Palibe wa chikhato chofewa ngati chako."

"Bodza! Chikhato changa n'chokakala ndi sopo."

"Ndiye chimenecho n'chimene ndikufuna."

Corliss ankawerenga mamesejiwo atabisala kuseri kwa mafiriji, akumwetulira yekha ngati mtsikana wa sekondale. Mayi Odessa anamupeza tsiku lina.

"Mwana iwe, anthu a mawotchi pakhosiwa saima malo amodzi."

"Uyu ndi wina, amayi."

"Onse amakhala ena," anatero Mayi Odessa, n'kupitirira ndi dengu lawo la zochapa.

Corliss anamuuza Royce mawu amenewa. Royce anamugwira manja onse awiri.

"Tamvera, wapamtima. Zantchito ndimazisiya m'galimoto. Ndikakhala ndi iwe ndine Royce basi. Chimene ungandiuze chimathera pachifuwa changa pano."

Lonjezo limenelo Corliss analisunga ngati dzira.

Mu Novembala anakumana m'kalesitilanti ka pafupi ndi siteshoni. Akudikira nsomba, Royce anatulutsa foni.

"Taona mlongo wako apa. Ndimamuonera ndekha, ndimamunyadira."

Pa kanemapo Ezell ananyamuka ngati chipolopolo. Anakankha munthu mmodzi, n'kumuzemba wachiwiri. Woponya mpira anali poyera, msana wosatetezeka. Koma pa phazi lomaliza Ezell anachepetsa liwiro. Anatambasula manja, n'kumukumbatira munthuyo, n'kumugoneka pansi ngati akugoneka khanda.

Royce anabweza kanemayo. Anabwezanso.

"Masewera onse amatero. Mayadi khumi ndi mkango, yadi lomaliza ndi namwino. Bwanji?"

"Ndi wachifundo chabe."

"Chifundo sichitseka maso, Corliss. Taona, watsinzina."

"Nsomba yafika, tiyeni tidye," anatero Corliss. Koma nsombayo sinamukomere.

Royce sanafunsenso. Khirisimasi anadyera kwawo kwa a Batiste. Anathandiza Ezell kukonza denga la khonde, awiriwo akunyozana.

"Alamu, nyundo imagwiridwa chonchi? Mwazolowera pensulo!"

"Iwe khoma msomali, usaukumbatire!"

Ezell anaseka, koma kuseka kwake kunazima msanga.

Lamlungu lina mu Febuluwale, atatuluka m'tchalitchi, Royce ndi Corliss anakhala pa chiunda cha m'mbali mwa mtsinje. Madzi anali ofiirira, akunyamula zitsa. Royce anamuyeza chala ndi tepi yake, akuseka.

"Chisankho cha osewera chikangodutsa, ndikuveka mphete, Tsabola wanga. Ndatopa ndi misewu. Koma mkazi wanga asamasenze katundu yekha. Ndimakuona, ukamaonera Ezell akusewera umapemphera. Sumapempherera kuti apambane ayi. Ukuopa chiyani?"

Kodi mwamuna wako wamawa ungamubisire chiyani? Zaka zisanu ndi chimodzi Corliss anali asanauzepo munthu. Anayamba kulira, mawu n'kutuluka okha.

Ali ku sekondale, Ezell anali ndi mnzake wapamtima, Wendell Toussaint, woponya mpira wa sukulu yoyandikana nayo. Ankawedza limodzi. Tsiku limene masukulu awo anakumana, Ezell anamugunda Wendell mwamphamvu, mwalamulo ndithu, anthu n'kuwomba m'manja. Wendell sanadzuke. Anamwalira patapita miyezi inayi.

"Zimenezo zinalembedwa m'nyuzi," anatero Royce motsitsa. "Anthu amadziwa."

"Chimene sadziwa n'chakuti Ezell anali atamugonera pamwamba, zipewa zawo zolimba zotetezera mutu zitagundana. Wendell anamuyang'ana n'kunena kuti, 'Ezell, miyendo yanga ili kuti?' Palibe wina anamva. Anandiuza ine ndekha. Mpaka lero, akafika pa woponya mpira aliyense, m'chipewamo amaonamo maso a Wendell. Amamva funso lomwelo. N'chifukwa chake amatsinzina."

Royce anamukumbatira nthawi yaitali.

"Zathera pompano, wokondedwa. Mtsinje wokha ndiwo wamva."

Epulo anafika. Chisankho chimatenga masiku atatu, ndipo aliyense ankati Ezell aitanidwa tsiku lachitatu, Loweruka. Mpingo unamanga tenti pabwalo la tchalitchi. Anaphika nkhanu za m'dambo ndi chimanga ndi mbatata m'miphika ikuluikulu, n'kuzikhuthulira pamatebulo oyalidwa nyuzi. Wailesi yakanema anaitulutsa panja. Ezell anavala suti yatsopano, foni yake ili patebulo patsogolo pake.

Royce anatumiza meseji m'mawa.

"Ndili m'chipinda cha mabwana, mafoni saloledwa. Mtima wanga uli komweko."

Mayina anayamba kutchulidwa. Anatchula mnyamata wina amene Ezell ankamuposa liwiro. Anatchula wina wamikono yaifupi. Abusa anati, "Wotsatirayo ndi wathu!" Sanali wawo.

Nkhanu zinazizira. Ana anasiya kuthamanga. Anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi, aliyense akusisita phewa la Ezell osamuyang'ana kumaso. Dzina lomaliza linatchulidwa dzuwa lisanalowe. Ngakhale foni ija imene matimu amaimbira otsala, yoti bwera udzayesedwe, sinalire.

"Asisi," anatero Ezell, "ndalakwitsa pati?"

Corliss anatenga foni yake. Anamuimbira Royce kasanu. Sanayankhe.

Lachitatu Kochi Arceneaux, mphunzitsi wa Ezell, anawaitana onse awiri ku ofesi yake. Anatseka chitseko. Patebulo panali mapepala atatu.

"Mnzanga wina wa ku timu yaikulu wanditumizira izi. Sindiyenera kukhala nazo. Koma Ezell, mwana wanga, uli ndi ufulu wodziwa chimene chakupha."

Ezell anawerenga. Atamaliza, anamupatsira mlongo wake mapepalawo.

Lipotilo linayamikira mikono yake, phazi lake loyamba, mphamvu za m'chiuno. Kenako panali ndime iyi: "Samaliza. Amatsinzina akafika pa woponya mpira. Chifukwa chake chapezeka: mnzake amene anamuvulaza ku sekondale anamufunsa ali pansi kuti, 'Miyendo yanga ili kuti?' Amawamvabe mawuwo. Gwero ndi lodalirika, la m'banja."

Corliss anatembenuza mapepala, akufuna dzina lina lililonse, koma pamwamba panalembedwa kuti R. Tillery. Ndipo pa tsamba loyamba, pansi pa deti la mu Ogasiti, mwezi wathunthu asanalawe nyemba zija, panali mzere umodzi: "Makolo anamwalira. Mlongo wake, Corliss, amagwira ntchito kukhitchini. Ndiyambire kwa iyeyo."

Ankadziwa! Pamene ankagwira pakamwa paja, ankadziwa!

"Ndinakuuzani inu nokha, asisi," anatero Ezell. Sanakweze mawu. "Ngakhale mayi ake a Wendell sindinawauze. Tsopano akuwerengerana m'maofesi, akumwa khofi."

"Ezell, anandilonjeza..."

"Inunso munandilonjeza."

Anatuluka, n'kutseka chitseko mofatsa.

Masana omwewo Royce anaimba. Corliss anayankha ataima kuseri kwa khitchini, pafupi ndi migolo ya zinyalala.

"Tsabola wanga, pepa, sabata ino..."

"Musanditchule choncho, Bambo Tillery. 'Ndiyambire kwa iyeyo.' Mwamaliza tsopano?"

Royce anatsitsa mawu.

"Wawerenga masamba angati?"

"Okwanira."

"Alipo anayi, Corliss! Tsamba lachinayi ndinalemba kuti amutenge. Ndinati bala limeneli likhoza kupola akapeza womuthandiza. Onse ankati ndi wamantha, ndi waulesi. Ndinafuna adziwe kuti si mantha!"

"Ndiye munagulitsa mawu a mwana wakufa kuti mumuthandize?"

"Ndi ntchito yanga. Ndikadabisa, wina n'kuzitulukira, dzina langa likanatha."

"Nanga za m'galimoto zija? Nanga mtsinje?"

"Poyamba ndinabwerera lipoti, sindikana. Koma pofika Khirisimasi zinali zoona. Mphete ndagula, ili m'thumba muno. Ndilole ndibwere."

Corliss anayang'ana chala chake. Mtima wake wopusa unkafunabe kumva galimoto ija ikuima pageti. Koma angakhale bwanji patebulo limodzi ndi munthu amene khutu lake limalemba? Usiku waukwati angamuuze chiyani osaopa kuti chidzapezeka pa pepala?

"Ndikufunseni chimodzi. Pamtsinje paja, mutandikumbatira, munalemba nthawi yanji?"

Royce anapuma mozama.

"Nditakusiya pakhomo. M'galimoto."

"Misozi yanga isanaume pamalaya anu."

"Corliss..."

Anadula foni.

Ezell anapita ku Texas kukagwira ntchito yonyamula zitsulo. Mpira sanaugwirenso, ngakhale kuuonera. Amatumiza khadi pa Khirisimasi, lolembedwa dzina lake lokha. Corliss akadali kukhitchini kuja. Mayi Odessa anati Seputembala akafika, asikauti akayamba kuima pamzere, iye amapempha ntchito yotsuka miphika kumbuyo. Ndipo anati tsiku lina anamupeza ataima pa sinki, madzi akusefukira, akunong'ona yekha funso la Wendell lija, ngati tsopano linasamukira mwa iye.

Basi itayandikira Shreveport ndinawafunsa mayiwo ngati tsamba lachinayi linaliko.

"Linaliko," anatero motsimikiza. "Mnyamata uja ankamukonda. Ndinamuona maso."

Ine pamenepo ndiye ndikukayika. Kochi analandira masamba atatu, Corliss anawerenga atatu, ndipo Mayi Odessa sanaone ngakhale limodzi. Munthu yekhayo amene anatchula tsamba lachinayi ndi yemwe uja anagwira pakamwa n'kunena kuti samadziwa. Mwina analilembadi. Koma ine sindikhulupirira.