Mlendo wa Chala Choduka M'laibulale

Nkhani iyi si yopeka ayi. Inachitika masanasana m'laibulale ina yaing'ono ku Dowa, ndipo a Frank, mphunzitsi wopuma amene amawerenga nyuzi m'menemo tsiku ndi tsiku, anaona ndi maso awo. Alipo, kawafunseni.

Woyang'anira mabuku anali Lidia. Kwawo kunali kumapiri a Ntchisi, kuja foni imagwira ukachita kukwera pachulu, ndipo amayi ake ankadwaladwala chiyambire mvula. Pakhomo pawo, wolembedwa ntchito anali iye yekha.

Lachitatu lina mvula inali itangokata, madzi akudontha padenga. M'laibulale munali zii. Kenaka munamveka fungo la dothi lokumba kumene, lija la pansi penipeni. Lidia atadzutsa mutu anaona bambo wachilendo atakhala pabenchi, wopanda nsapato, matope ofiira mpaka m'mawondo. Chitseko chija chimalira ukangochikhudza, koma sichinalire. Buku analigwira chozondotsa. Chala chake chamkombaphala chinali choduka.

"Tikuthandizeni, bambo?"

"Ndinu a Lidia?" ananong'ona mlendoyo. "Amayi anu akukufunani."

"Ali bwanji?"

"Akukufunani. Nyamukani lero lomwe."

Lidia anawerama kuti atenge foni m'chikwama. Podzuka, pabenchi panali buku lokha. Lonyowa.

Anaimba kumudzi, foni osalowa. Tsono inu mukudziwa mmene timachitira kuno: wobweretsa uthenga wa maliro sangokuphulitsira kuti munthu wamwalira. Amati "akudwala kwambiri", kapena "akukufunani", kuopa kuti ungakomokere panjira. Ndiye munthu wake abwere ndi dothi lotere m'miyendo! A Frank anavula chipewa.

"Pepa, mwanawe. Wadzimvera wekha. Ameneyo ndi mdzukulu, wachokera kokumba manda."

Lidia analira, kulira kwenikweni, mpaka Sadick wa kabaza anathamangira kuchokera pamsewu.

"Chemwali, kwerani njinga. Matope alipo, koma tikafika kusanade."

"Ndikathamangira chiyani?" anatero Lidia. "Amayi avutika moyo wawo wonse. Ndisalole kuti apitenso m'mphasa."

Anapita kwa kalipentala. Anakhala pachitsa akumva misomali ikulowa, go, go, go, mpaka bokosi linatha dzuwa litalowa. M'mamawa analikweza palole ya mtedza.

Atafika kumudzi, masamba anali asanaikidwe n'komwe pamsewu. Azimayi a m'mudzimo anali atangoyamba kumene kulira. Azakhali ake, a Roza, ataona bokosi likutsitsidwa anagwira pakamwa.

"Mwanawe, wadziwa bwanji? Amayi ako atisiya tambala atalira kale. Thupi silinazizire."

"Dzulo anali moyo?"

"Anamwa ndi phala lomwe. Usiku wonse amakuitana, maso ali kukhomo. Njinga ikalira kutali amati, ameneyo ndi Lidia."

Lidia anafunsanso: "Nanga uja munamutuma uja?"

"Sitinatume munthu ife. Timati tione kukacha."

Lidia anawafotokozera: matope, manong'onong'o, chala choduka. A Roza anakhala pansi, padothi pomwepo.

"Dzanja liti?"

"Lamanja."

"Chinaduka ndi chikwanje, akudula mitengo ya chigafa cha fodya. Achimwene anga amenewo. Bambo ako. Tinawaika iwe uli m'mimba."

Bokosi linawakwana bwinobwino amayiwo, ndipo anthu analiyamikira. Zimenezo n'zimene zinamuwawa Lidia koposa.

Mpaka lero ali m'laibulale momwemo. A Frank amati mvula ikakata fungo lija limabwerera, Lidia n'kusiya zonse, kuyang'ana pabenchi. Sipakhala munthu. Wina akati mizimu imasocheretsa, iye amapukusa mutu.

"Sanandinamize," amatero. "Anati amayi akundifuna. Ine ndinapita kwa kalipentala."