Mpope wa Mphepo wa m'Dimba la Zipora

Dzuwa linali litapendeka, Zipora ali m'dimba mwake kuthirira mpiru, pamene mpope wa mphepo unayamba kuzungulira popanda mphepo. Ngakhale tsamba limodzi la nthochi silinagwedezeke, koma mapiko achitsulo pamwamba pa nsanja ankapita chobwerera m'mbuyo, akulira kwiii, kwiii, ngati nkhumba yomangidwa miyendo. Atatchera ndowa kupaipi, madzi anatuluka ofunda, akununkha tsitsi lopserera.

Mpopewo unali utabwera chaka chomwecho cha 1986. Bungwe lina lakunja, kudzera mwa alangizi a zaulimi, linapereka thandizo losabweza kwa makalabu a alimi ang'onoang'ono a pakati pa Mitundu ndi Nathenje, kuti azithirira madimba osathyoka msana komanso osagula dizilo. Kalabu ya Zipora inali ya anthu khumi ndi awiri. Amisiri atayeza, anapeza kuti chitsime chosaphwa chili m'dimba mwake, ndipo nsanja anaiimika pamenepo. Amene zinawawawa anali malume ake, a Gilibati, tcheyamani wa chipani m'mudzimo, omwe ankafuna mpopewo kumunda kwawo kwa fodya.

"Chitukuko chidumphe ine wogulitsa makadi a chipani, chikagwere mwana wa mlongo wanga?" anamunong'oneza Zipora tsiku lotsegulira, uku akumwetulira alendo. "Tiona ngati mudye kabichi wake."

Patapita masiku atatu chizungulireni mpope uja, Martina, amene anayamba kudinda chala papepala la kalabu, anatupa miyendo, nafa dzuwa lili paliwombo. Mwezi usanathe mpope unaliranso, mpweya uli zii, ndipo Rozina, wachiwiri papepalapo, anagwa akupeta chimanga, magazi akutuluka m'makutu. Kuchipatala sanapeze matenda.

Mphekesera zinayamba kuyenda. Ena amati chitsulocho chimapopa magazi, osati madzi. Ena amati Zipora anagulitsa mayina a anzake kwa azungu. Pamsika wa Mitundu mpiru wake unkafota pamphasa, anthu akulambalala atagwira ana awo padzanja. Iye ankangokukuta mano. Kodi si iye amene anasenza mchenga wa thanki pamutu mpaka khosi kuuma? Martina si anali mnzake wa pachinamwali?

Kachitatu mpope unalira iye ali pakhonde ndi mwamuna wake Efulemu, akusola mtedza.

"Amayi, mwamva?"

"Ndamva, bambo."

"Wachitatu papepala paja ndine."

"Musatero! Mawa tipite kwanu, tikakhale kumeneko."

Sanapite. M'mawa mwake Efulemu anadzuka lilime litatupa, ndipo tsiku lachitatu anatsirizika m'manja mwa mkazi wake, osatha kutchula ngakhale dzina lake.

Kumanda a Gilibati anaimirira atavala jekete la baji, nalankhula mwachisoni. Anati makina otere safuna kukhala m'manja mwa munthu wamkazi, choncho ayenera kuzulidwa, akaimikidwe kumunda kwawo kumene angawayang'anire bwino. Anthu anavomera ndi mitu. Zipora misozi inamuuma pomwepo.

Asanamete n'komwe tsitsi la maliro, anayenda wapansi mpaka m'mphepete mwa Dzalanyama, kwa mayi wina wodziwa mitengo. Mayiyo anamupatsa zikhomo zinayi zakuda.

"Mukakhome pa miyendo inayi ya nsanjayo. Wokwerapo sadzatsika mpaka inu mutanena kuti tsika."

Anakhoma, nadikira. Tsiku lachisanu kutacha, amayi opita kumadzi anabwerera akukuwa, ndowa atazitaya m'njira. Mudzi wonse unathamangira kudimba. Pamwamba pa nsanja, kunsi kwa mapiko, panali munthu ali mbulanda, thupi lonse phulusa mbuu, nsupa ikulendewera m'khosi, manja atakanirira kuchitsulo. Fungo la nyama yowola linkatsika kuchokera komweko. Anali a Gilibati.

Amuna anayang'ana pansi, amayi anaphimba kumaso ndi zitenje. Wina anayandikira Zipora.

"Atsitseni, mayi. Awa ndi a tcheyamani. Mutimangitsa tonse."

"Pamene munkati ndine mfiti munalibe mantha. Lero mwaona mfiti yeniyeni, maso agwa pansi?"

"Iwe Zipora!" anakalipa a Gilibati. "Nditsitse msanga! Ndikangolankhula mawu amodzi, galimoto ibwera, sudzaonekanso!"

"Kalankhuleni, amalume. Njira ndi iyo."

Anakhala pansi pa mtengo wa mango, napinda manja. Dzuwa la Okutobala linakwera, chitsulo chinayamba kutentha, ndipo anthu anamva khungu likuchita thithithi ngati nyama pamakala. Kukalipa kunasanduka kulira.

"Mwana wa mlongo wanga, ndikhululukire! Ndikupsa!"

"Tchulani amene munadya."

"Martina."

"Kwezani mawu! Ana ake ali apa, amve!"

"Martina! Rozina!"

"Winayo?"

"Efulemu!"

Zipora anaimirira mwaukali. "Munthu amene ankakufolererani chigafa chaka ndi chaka osadandaula! Chifukwa cha madzi? Madzi amene tikanakupatsani mukanangopempha?"

"Sindinali ndekha," analira a Gilibati. "Ine ndi bondo langa lowawali ndikanakwera bwanji kuno? Alipo amene amandinyamula. Wandithawa ataona kuti kwacha. Ndi wa m'kalabu mwanu momwemo, waima pomwepo, akundiyang'ana."

Anthu anachita ngati athiridwa madzi ozizira. Aliyense anasuntha pang'ono kutalikira mnzake.

"Mutchuleni, ndikutsitsani," anatero Zipora.

A Gilibati anatsegula pakamwa. Nthawi yomweyo mapiko, amene anali chiimire kuyambira m'mawa, anazungulira kamodzi kokha mwamphamvu, popanda kamphepo n'komwe. Phiko limodzi linawamenya m'khosi. Manja anamasuka, ndipo thupi linagwa pa simenti ya chitsime, khu!

Zipora anatembenuka, nayang'ana anthu asanu ndi atatu otsala a m'kalabu, mmodzimmodzi. Onse anachezera naye pasiwa pa maliro a Efulemu. Onse anamugwira dzanja. Ndipo onse tsopano ankalira, misozi ili chuchuchu, wina aliyense mofanana ndi mnzake.

"Lirani," anatero Zipora. "Koma mmodzi wa inu adziwe kuti wachinayi papepala paja ndine, ndipo ine sindisamuka."